Mwamuna wamtali wa pamwamba pa galaja

Kamera ija sindinachite kugula. Anandipatsa ndi mayi wina wachizungu amene tinkagwira naye ntchito ku Bethesda ku America, tsiku limene ankapuma pa ntchito. Inali yolemera, ya chimphuno chachitali chotha kukokera pafupi chinthu chakutali, ndipo inafika pa nthawi yake, chifukwa adokotala anali atangondikalipira kuti magazi anga akuthamanga mopitirira. Anati ndipeze chochita madzulo, ndisiye kukhala pa foni kumvera mavuto onse a ku Ntcheu ngati kuti ndine ofesi ya boma. Mayiyo pondipatsa anati ndiyambe ndi kulowa kwa dzuwa, poti dzuwa silikana kujambulidwa. Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinaseka. Kwathu chithunzi ndi cha munthu. Umasamba, umatchena, umaima pafupi ndi galimoto ya eni ake, n'kukujambula. Dzuwa limalowa tsiku lililonse, ndiye ulijambule kuti ukaonetse ndani?

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndekha ku Silver Spring, ndipo nyumba yokhayo imene ndinkalowa osagogoda inali ya anti. Sanali achibale anga. Anali mayi a ku Zambia, kwawo ku Chipata koma okulira mu Lusaka, ndipo tinadziwana kutchalitchi ndidakali pa sukulu, ndilibe ngakhale jasi loyenera. Ankakhala m'chinyumba chachitali cha nsanjika zambiri, chodzaza ndi anthu a kwathu ku Africa, aliyense ndi fungo la ndiwo zake m'khonde. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkathera kwawoko, ndipo ndisanavule n'komwe nsapato ankayamba kundilalatira: “Iwe, wayonda futi! Yenda ku kitchen utsuke mbale, siuli mlendo muno.” Kulalatiridwa kumeneko ndinkakukonda kwambiri. Munthu ukakhala kunja zaka zambiri umalakalaka wina woti azikutuma. Ndikanataya nyumba imeneyo ndikanatsala ndi Chingerezi chokhachokha kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo ndinkadziwa zimenezo.

M'nyumbamo munkakhalanso ang'ono awo a anti, amene ine ndinkawatchula kuti achemwali. Anabwera kudzadwazika malemu amuna a anti, maliro atatha sanabwerere, mapepala awo okhalira m'dziko n'kuthera konkuno. Nkhani imeneyi sinkatchulidwa, koma ife oyandikira tinkaidziwa. Ankalera ana a anthu m'nyumba momwemo, ndipo kunja ankatuluka mwa apo ndi apo. Anali munthu wofatsa, woseka atagwira pakamwa. Mkangano wathu unali umodzi, wa mandasi. Iwo ankati ndi vitumbuwa, ine n'kumati chitumbuwa ndi cha nthochi, asandinamize ndine wamkulu.

Za kamera sindinawauze. Ndinkadziwa kuti anti akanaseka mpaka kugwa pa mpando, kenako n'kukauza amayi onse a kutchalitchi kuti mwana uja sukulu yamusokoneza, wayamba kujambula mitambo.

Malo okwera amene ndinapeza anali pamwamba pa galaja ya magalimoto pafupi ndi siteshoni ya sitima za Metro, nsanjika yomaliza yopanda denga. Inali nyengo imene masamba amafiira n'kuyoyoka, dzuwa likulowa msanga, moti ndikatsika sitima ndinkachita kuthamanga. Pamwambapo pankawomba mphepo yolasa m'makutu, choncho ndinkavala chijasi changa chakuda n'kuphimba mutu ndi chipewa chake. Ine ndine wamfupi, mu Metro sindifikira chitsulo chogwira cha pamwamba, ndipo khoma la galajayo linkandifika m'chibwano. Ndinapeza chimwala cha simenti chimene anazikapo mtengo wa getsi, n'kumakwera pamenepo kuti ndione bwino.

Zithunzi zoyamba zinali zochititsa manyazi. Ndikaloza dzuwa, linkatuluka ngati dzira lokazinga lopanda chachikasu chija cha pakati, pansi ponse pali bii. Ndikapotokola kabatani kuti pansi paoneke, kumwamba kunkayera mbee ngati pepala. Ndisanamalize kulimbana ndi mabataniwo, mtundu umene ndinkaufuna unali utapita kale, kwabwera wina. Ndinkatukwana ndekha m'Chichewa, zala zitauma ndi kuzizira. Chimodzi chimene chinaoneka bwinoko ndinatumiza kwa amayi anga kumudzi. Yankho linabwera m'mawa mwake, mawu ojambulidwa pa foni: “Nanga iwe uli pati pamenepa? Bwanji sukuoneka? Ukudwala eti? Undiuze zoona, ukubisa chiyani?” Ndinachita kudzijambula nditanyamula kapu ya tiyi kuti akhazike mtima pansi.

Mayi wachizungu uja nditamudandaulira pa foni anaseka, n'kundiuza kuti ndisamalimbane ndi dzuwa. Anati ndilifulatire, ndione chimene likuwalira. Madzulo otsatira ndinakwera pa chimwala changa, ndinatembenuka, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Tsidya lina la msewu, chinyumba chonse chachitali chinali chitayaka. Windo lililonse linali chikasu chowala, kenako ndikuyang'ana choncho chikasucho chinapsa n'kukhala ngati papaya, kenako kufiira kwa makala, kuyambira nsanjika za pansi kuzima pang'onopang'ono kukwera m'mwamba, mpaka kunatsala mzere umodzi pansi pa denga. Ndinkadziwa kuti chinali chinyumba cha anti, koma pa nthawi imeneyo sindinkaona nyumba za anthu. Ndinkaona galasi ndi kuwala basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkajambula mawindo, limodzilimodzi, ndikuthamangitsana ndi kufiira kuja kusanazime. Ndinali wosangalala, ndipo ndinkagona tulo tabwino koyamba m'miyezi yambiri.

Lamlungu lina ndinapeza chitseko cha anti chokhoma. Atanditsegulira ndinaona makatani onse otseka, getsi likuyaka masanasana. Achemwali anali khale pa mpando wa pakona, manja ali pa miyendo.

“Kwagwanji, anti?”

Anandikokera kukhitchini, n'kuyankhula monong'ona ngakhale tinali tokha. “Mwana wanga, kuli mwamuna pamwamba pa garage paja. Wamutali maningi, ovala vakuda, nkhope siioneka. Abwera dzuwa ikayamba kungena, time yamene bantu babwera ku nchito. Ali na chimashini, aloza ma window. One by one. Building yonse bamuona.”

“Ndi wa boma?”

“Nanga angakhale ndani? Munthu wabwinobwino angaimirire mu mphepo kuyang'ana ma window ya bantu?”

Anandiuza kuti makolo ena ayamba kale kuchotsa ana awo, kuopa kuti tsiku lina adzawapeza pakati pa nkhani. Anati ngati zipitirira, achemwali awatumiza kwa msuweni wawo kutali, kumene kulibe amene akuwadziwa. Achemwali anawonjezera chimodzi chokha, kuti chimene chikuwapweteka ndi windo. Ana onse akatengedwa madzulo ankakonda kuima pamenepo kuwotha kadzuwa kotsiriza, ndipo kumeneko ndiye kunali kutuluka kwawo.

Mungaganize kuti ndinazindikira pomwepo. Sindinazindikire ngakhale pang'ono. Anati mwamuna, anati wamtali, ndipo ine chibadwire palibe anandinenapo kuti ndine wamtali. Komanso mwamunayo ndinkamudziwa. Panali galimoto yotuwa imene inkabwera pamwamba paja nthawi yomweyo imene ine ndinkafika, n'kuima pakona moyang'ana chinyumbacho, injini ikulira, mwini wake osatuluka. Magazi anga anawira. Ndinalumbira mumtima kuti ndimugwira, ndimujambula nkhope ndi nambala ya galimoto, ndidzaziponye patebulo la anti. Ndinangokhala chete kuti ndidzawadabwitse, ndipo kunena zoona ndinkadziona kale akundiyamikira kutchalitchi.

Sabata imene inatsatira sindinakhulupirire munthu aliyense wokwera pa galaja paja. Mayi wina ankabwera ndi kagalu kovala juzi, ine n'kumati galu wanji wosakodza, ameneyu ndi chophimbira. Bambo wosesa akaima kuyankha foni, ndinkati akupereka lipoti. Koma diso langa lenileni linali pa galimoto yotuwa. Mwini wake anali wakuda ngati ine, wa mapewa aakulu, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, kuti mwana wa munthu angagulitse anzake. Ankadya kanthu kuchokera m'kabokosi, n'kumayang'ana foni, nthawi zina n'kutsamira ngati wagona. Ine ndinkati kugona kwabodza, makina ake ali pansi pa mpando, akudikira ndichoke. Kuti asandikayikire, ndinkakwera pa chimwala changa n'kumajambula mawindo monga mwa masiku onse, kenako n'kupotoza kamera mwakabisira kuloza iye. Ndinkadziona wochenjera zedi.

Tsiku lina anatsitsa galasi n'kundifunsa m'Chingerezi cha ku West Africa ngati pali chimene ndikufuna kwa iye. Anati wandiona ndikujambula galimoto yake, ndipo akufuna adziwe amene wandituma. Ndinamuyankha mokweza kuti funso limenelo ndi langa, anene iyeyo chimene amadzachita pano. Anati amanyamula anthu ngati takisi, amapumira pamenepo asanayambe ntchito ya madzulo chifukwa m'munsi mulibe poima. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa chiwongolero, n'kunena mumtima kuti akazitape onse amayankha choncho. Iyenso anandiyang'ana chimodzimodzi, anakweza galasi, n'kuchoka matayala akulira.

Kenako kunagwa mvula masiku angapo, ine osakwerako. Tsiku limene inakata ndinatuluka msanga kuntchito, baji ya pa geti idakali pakhosi, n'kuthamangira pa galaja. Kumwamba kunali kotsukidwa. Mitambo inali itaunjikana kum'mawa kuseri kwa chinyumba chija, yakuda bii, ndipo dzuwa linatulukira pansi pa mtambo wina kumadzulo n'kumenya mawindo onse nthawi imodzi. Kuwala kotero ndinali ndisanakuonepo. Ndinakwera pa chimwala, ndinakokera mawindo pafupi, ndipo pa windo lina katani inali yotsegula. Panaima munthu atanyamula kapu ndi manja awiri, maso atatsinzina, nkhope yonse ili chikasu ngati yadzozedwa mafuta. Chala changa chinadina chokha. Koyamba chiyambire, zonse zinagwirizana, kuwala, mtundu, osagwedera. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi achemwali.

Ndinafuna kukweza dzanja kuti ndiwabayibitse. Ndisanatero anatsegula maso, anayang'ana molunjika kumene ndinaima, ndipo ndinaona pakamwa pawo pakutseguka. Kapu ija inasowa m'manja. Katani inakokedwa mwamphamvu mpaka mbali ina inathothoka. Ndinatembenuka msanga kuti ndione mwamuna uja kumbuyo kwanga. Galimoto yotuwa panalibe. Mayi wa galu panalibe, wosesa panalibe. Pansanjika yonse ndinalipo ndekha. Nditayang'ana pansi ndinaona chithunzithunzi changa chitatambalala pa simenti yonyowa, kukwera khoma, chachitali ngati mlongoti, mutu wosongoka ndi chipewa, chinthu chachitali chitatuluka pankhope. Dzuwa linali kumbuyo kwanga ndendende. Munthu wa pa windo sakanaona nkhope, sakanaona chimwala chimene ndinapondapo, akanangoona chinthu chakuda chitatalika pamwamba pa khoma. Ndinakhala pansi pa simenti yonyowayo.

Koma posakhalitsa ndinayamba kuseka. Ndinati abale inu, ndiye kuti palibe wa boma, palibe kazitape, ndi ine ndekha chitsiru cha ku Ntcheu. Ndinatsika masitepe mothamanga, kuwoloka msewu, kukwera chikepe, ndikukonza kale momwe ndiifotokozere kuti anti aseke mpaka misozi. Ndinagogoda. Kunali zii. Ndinagogodanso.

“Ndine, anti, tsegulani. Ndabwera ndi nkhani yabwino.”

Anatsegula pang'ono, kenako kwambiri. Pansi pafupi ndi windo panali tiyi wotayika ndi zidutswa za kapu. Ndinavula chipewa, ndinakweza kamera m'mwamba, n'kunena ndikupuma mwabefu kuti, “Mwamuna wanu uja ndi uyu. Ndine! Ndimajambula dzuwa.”

Palibe anaseka. Anti anayang'ana chijasi, anayang'ana kamera, kenako maso awo anaima pa baji ya pakhosi panga, imene inali ndi chithunzi changa ndi chidindo cha boma. Zaka zonsezi ankadziwa kuti ndimagwira ntchito yoyeza magazi m'chipinda chopanda windo, ndipo ankanyadira nazo kutchalitchi. Tsiku limenelo bajiyo anaiwerenga ngati akuiona koyamba.

“Dzuwa ili kumadzulo,” anatero pang'onopang'ono. “Ise tili kum'mawa. Manje ujambula bwanji dzuwa uku wailozetsa msana?”

Ndinafotokoza za kuwala, za mayi wachizungu, za adokotala. Ndikuyankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza la mwana wakuba shuga. Anandifunsa chifukwa chimene sindinanene tsiku lija kukhitchini. Ndinati ndinkaganiza kuti ndi munthu wina. Anafunsa kuti munthu wina uti, popeza ndinkaima pamalo pomwepo, nthawi yomweyo, ndi makina omwewo. Apa mtima wanga unapsa.

“Anti, zaka zonsezi ndakhala ndikudya m'nyumba muno! Mukundiyesa ndani?”

“Ndiye chamene niyopa,” anayankha osakweza mawu. “Uziba vonse va muno.”

Anati ndiwaonetse zithunzizo. Tinaima pakati pa chipinda, ine ndikudina kabatani, iwo atavala magalasi. Windo, windo, windo lina. Chikasu, kufiira, kutuwa. Ine ndinkaona kukongola, iwo ankatchula eni ake: apa ndi pa banja la ku Cameroon, apa ndi pa mtsikana wa ku Ethiopia uja, apa ndi pathu. Kenako inatulukira galimoto yotuwa, nambala yake yooneka bwinobwino, ndi nkhope ya mwini wake akutafuna. Anti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinalakalaka pansi patatseguka.

Chomaliza chinali cha achemwali. Iwo anali atatuluka kuchipinda mwakachetechete n'kuima kumbuyo kwathu. Anasuzumira, anakhala nthawi akuyang'ana, kenako anagwira pakamwa.

“Ndine uyu?” anafunsa chapansipansi. “Kansi nimaoneka so?”

Chibwerere ku America anali asanajambulidwepo chithunzi chooneka nkhope, ngakhale pa maukwati ankathawira kukhitchini. Ndinaona m'maso mwawo kuti akuchifuna. Inenso ndinkachifuna, chinali chokhacho chabwino pa zonse zimene ndinajambula.

“Fufuta,” anatero anti.

Ndinafufuta. Anati zonse, ndipo ndinafufuta zonse, iwo akuyang'ana mpaka kamera inalemba kuti mulibe kanthu. Anafunsa ngati sizipita kwina pazokha, monga zimachitira za pa foni. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti alibe njira yodziwira ngati ndikunena zoona, ndipo ine ndinalibe njira yowasonyezera. Ndinagwada kuti nditole zidutswa za kapu, iwo anati ndisiye, atola okha.

Sabata yonse ndinakhala ndikusinthasintha, m'mawa wokwiya, madzulo wamanyazi. Pa galaja sindinapondenso. Ndinkadziuza kuti pofika Lamlungu akhala ataiwala, andilalatira kawiri, nkhani n'kutha. Ndinagula nthochi zakupsa kuti ndikawaphikire achemwali zitumbuwa zenizeni, tithetse mkangano uja.

Lamlungu ndinagogoda. Anti anatsegula atavala chitenje chawo chatsopano, akumwetulira bwino lomwe.

“Lowani, lowani. Mwayenda bwanji? Khalani apa.”

Anandilozera mpando waukulu wa abusa, umene ndinali ndisanakhalepo chiyambire. Nthochi anazilandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kukaziika kukhitchini okha. Anabwera ndi tiyi pa thireyi, m'makapu a mzere wagolide amene ankakhala m'kabati, ndi mandasi atawayala bwino pa mbale. Anandifunsa za kuntchito, za amayi kumudzi, ngati mvula yayamba ku Ntcheu. Ndinafunsa za achemwali, anati ali bwino, akupuma. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka, ndipo kuseri kwake ndinamva munthu akutsokomola motsekereza.

Ndinamwa tiyiyo. Katani ija anali ataikonza, yotseka mpaka kumapeto, koma m'mbali mwake munkadutsa kamzere ka dzuwa kamene kanagwera pakhoma, kachikasu, kenako kofiira. Nditamaliza ndinaimirira, ndinatenga kapu yanga ndi yawo kuti ndikatsuke. Anti anaimirira msanga n'kundilanda mwaulemu.

“Iyayi, siyani,” anatero. “Ndimwe alendo.”